Ubusa wa Alamu Anga Unadikira Chimanga

Mukafika pa Ndunde n'kufunsa za a Davie Namakhwa, anthu ayamba akuyang'anani kaye, kenako wina adzati, "Kapena mukunena a Mafunso?" Ndi omwewo. Ndi alamu anga, anakwatira mchemwali wanga Esnat zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, ndipo pa zaka zonsezi sindikukumbukira tsiku lomwe dzuwa linalowa asanafunse chinthu chomwe wina aliyense akanangochisiya chikhale. Ine ndine Timoti, wakabaza, ndimapalasa pakati pa Ndunde ndi Milepa. Ndinakwatira kutsidya kwa mtsinje, ndipo kumeneko, kwa akazi anga, ndimayenda chowerama monga mkamwini aliyense. Koma ndikawoloka kubwera kwathu ndine mwini mbumba chimwalirireni atsibweni: nkhani ya munda, ya ukwati kapena ya maliro siyenda ndisanatsokomole ine. Udindowu ndinkaunyadira koopsa. Mumva m'mene ndinaugwirira.

A Davie kwawo ndi kwa Mauwa. Anabwera kwathu chikamwini monga timachitira kuno, mwamuna kutsatira mkazi, atanyamula khasu, wailesi yomanga ndi mphira ndi Baibulo lopanda chikuto. Sabata yoyamba yomweyo, nthawi yomwe mkamwini amayenera kupatuka panjira akaona apongozi, iwo anawaimitsa malemu amayi n'kuwafunsa chifukwa chomwe timadzalira nandolo m'mbali mwa mzere osati pamwamba. Amayi anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kutembenukira kwa Esnat. "Iwe, ameneyu wabwera kudzakwatira kapena kudzachita kalembera?" Koma chakumadzulo ndinawaona amayi omwewo ataima m'munda, akuyang'ana nandolo wawo ngati akumuona koyamba.

Ntchito yawo ndi dimba: tomato, mpiru, anyezi pang'ono. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kutereleka. Awa sanatereleke. Analima, anaumba njerwa, analera ana anayi, woyamba Hannah, kachasu osalawa, mkazi osamukwezera dzanja. Vuto lawo linali limodzi lomwelo. Atapeza pampu yopondaponda yothirira mbewu, anaiphwasula tsiku lachiwiri kuti aone chomwe chimakoka madzi, ndipo tomato anakhala masiku atatu osamwa. Mlangizi wa zaulimi ankati akawaona akubwera pamsonkhano, amayamba wayang'ana wotchi.

Kachalichi kathu ndi nthambi chabe, kamodzi mwa tinyumba ta mapemphero khumi ndi tinayi tomwe m'busa mmodzi amayang'anira. Abusa amafika kamodzi pa miyezi itatu pa njinga yamoto, kubatiza, kudyetsa mgonero ndi kudalitsa maukwati onse tsiku limodzi, kenako timangoona fumbi. Masabata ena onsewo wolalikira ndi a Davie. Wodwala akafuna pemphero, a Davie. Maliro akagwa, kaya ndi pakati pa kudzala kaya mvula ikukhuthuka, amatsuka matope kumiyendo, kuvala jekete lawo lakuda, n'kukaima kumutu kwa manda.

Funso lomwe linasintha moyo wawo linatuluka tikuchokera kumaliro, ali kumbuyo kwanga pa kaliyala.

"Alamu," anatero, "ine amandilola kuika munthu m'manda, koma sandilola kuthira timadzi pamutu pa khanda. Nanga pa ziwirizi chovuta n'chiti?"

"Chovuta ndi chitunda ichi," ndinayankha ndili wefuwefu. "Tatsikani."

Anatsika, koma funsolo sanalisiye pachitundapo. Abusa atabwera anawafunsa pamaso pa akulu a mpingo, ndipo abusawo, pofuna kuthana nazo msanga, anati, "Zimenezo timaphunzira kusukulu, a Namakhwa." Tonse tinamva kuti akuwauza kuti akhale chete. A Davie anamva kuti awalozera njira.

Ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu anabwerera pa desiki, sukulu ya masana ku Milepa, kukapitiriza pomwe analekezera, Fomu 2. Wowapalasa ndinali ine, makope awo akundibaya kumsana. Mayeso a Fomu 4 analemba kawiri. Ulendo woyamba Chizungu chinawagwetsa. Akuti anatha theka la ola pa funso loyamba, osati poti linali lovuta, koma ankafuna kudziwa chomwe wolemba mayesoyo analifunsira. Esnat atamva zimenezo anawauza kuti ulendo wachiwiri mafunso awo akawasiye panja pamodzi ndi chikwama. Anamvera, ndipo anakhoza bwino lomwe.

Kenako anayamba kufufuza za masukulu. Ine ndinkayesa kuti sukulu ya ubusa ndi imodzi m'dziko muno, umalowa uli munthu wamba n'kutuluka utavala kolala. Si mmene zilili. Tsiku lina ndinawapeza kudimba atayala timapepala pa thumba, kalikonse atakapsinja ndi mwala kuti kasauluke.

"Taonani alamu. Iyi ndi ya ku yunivesite, zaka folo, digiri ya zaumulungu. Amaphunzitsa mpaka Chihebri ndi Chigiriki, zinenero zomwe Malemba analembedwamo poyamba."

"Nde sanalembedwe m'Chinyanja?"

"Olo m'Chizungu."

Zinandikhumudwitsa pang'ono, sindinama.

"Koma ukamaliza kumeneko sikuti wakhala m'busa," anapitiriza. "Ukhoza kukaphunzitsa ku sekondale, koma mpingo sunakusanjike manja. Iyi ndi yophunzira uli pakhomo. Amakupatsa mabuku, umawerenga, umalemba, zolembazo umatumiza kwa mphunzitsi. Zinthu zake n'zomwezo, koma kolala mulibe."

"Nanga aka kowalaka?"

Kanali kapepala kokongola kuposa tonse, kali ndi chithunzi cha bambo wa suti yoyera atakweza manja kumwamba.

"Imeneyo miyezi sikisi basi. Ukamaliza umasankha wekha dzina, kaya mtumwi kaya mneneri, n'kukayamba mpingo wako."

"Aa, basi ndi imeneyo! Miyezi sikisi, ine ndidzakhala wonyamula chikwama."

Anaseka mpaka kutsamwa. "Ndinapitako kukaona. Ndinafunsa mafunso atatu. Pa lachitatu anandigwira mutu n'kuyamba kutulutsa mzimu wokayikira."

Pepala lomwe sanalipsinje ndi mwala, lomwe linkakhala m'thumba la shati, linali la sukulu ya mpingo wathu. Zaka zinayi ukugonera konko, digiri pamapeto pake, kenako kusanjikidwa manja. Mkazi amapita nawe, nayenso amaphunzira za umayi busa, ndipo mukamaliza mumapita komwe mpingo wakutumani, kaya ku Nsanje kaya ku Mwanza, osati komwe kuli munda wa apongozi. Akulu a mpingo anawalembera kalata yowachitira umboni, ndipo anapita kukayesedwa. Anabwerako nkhope ili ngwee. Akuti kumeneko anapeza chinyumba chodzaza mabuku mpaka kudenga, ndi aphunzitsi oti ukawafunsa funso amakuthokoza. "Amathokoza, alamu!" Anabwereza zimenezo sabata yathunthu.

Kalata yowaitana inafika mu Januwale. Munali zinthu ziwiri zomwe ine sindinazidziwe nthawi imeneyo, koma inu ndikuuziranitu. Sukuluyo sitenga munthu yemwe wakwanitsa zaka makumi anayi, ndipo a Davie ankakwanitsa kumapeto kwa chaka chomwecho. Mwayi unali umenewo, wina kunalibe. Komanso munali fomu yoti ibwerere Malichi asanathe, ndipo pansi pake panali malo oti nkhoswe ya kuchikazi isayine kuti yalola mkazi kuchoka pamudzi. Akuti mpingo unatopa ndi abusa ofika okha pamalo a ntchito, mkazi atakanizidwa ndi abale ake. Nkhoswe ya kuchikaziyo ndi ine.

Lamulungu lina masana a Davie ananditumizira uthenga kuti tikumane pakhonde la malemu amayi. Anabwera ndi nkhoswe yawo, mkulu wina wa kwa Mauwa. Mipando inatuluka, iwo anaikana n'kukhala pansi, zipewa zili pamaondo. Munthu amene m'mawa womwewo analalikira ola lathunthu osapuma, apa ankangoyang'ana nyerere. Wolankhula anali nkhosweyo. Anayamba ndi mvula, anadutsa pa mbozi za m'chimanga, n'kudzafika pa nkhani: mwana wawo waitanidwa ku sukulu ya ubusa, ndiye abwera kudzapempha chitengwa, kuti Esnat ndi ana achoke pamudzi atsate bambo.

Ndinene zoona, mumtima ndinali nditalola kale. Ndani sangafune kukhala mlamu wa abusa? Koma mwini mbumba savomera tsiku lomwelo ngati akugulitsa nkhuku. Komanso nkhaniyo inali ndi mizu. Kuno ku Chiradzulu minda ndi yochepa, ukausiya wako zaka zinayi umaupeza uli ndi mwini wina, ndipo amayi aang'ono a Veronika anali atayamba kale kuuyeza ndi maso munda wa Esnat. Pankafunika kuti mbumba yonse ikhale pansi, ena achokere ku Limbe, ena ku Thyolo. Nanga Januwale amaitanira anthu? M'nkhokwe mulibe kanthu, aliyense ali kopalira, alendowo uwapatsa chiyani? Ndinatsokomola monga ankachitira atsibweni, n'kuyankha mawu omwe ndinawamva kwa iwo kambirimbiri.

"Tamva. Nkhaniyi ndi yabwino, komanso ndi yaikulu. Tidikire tikolole."

Ndinaona a Davie akutsegula pakamwa. Nkhoswe yawo inawagwira bondo, pakamwapo panatsekeka. Anawomba m'manja mwaulemu onse awiri. "Zikomo alamu," anatero a Davie. Ine ndinawoloka mtsinje ndikuimba mluzu, ndikudzitama kuti ndayendetsa nkhani ngati munthu wamkulu.

Mu Febuluwale a Davie anabwera kwanga katatu. Ankakhala pakhonde, ine n'kumaona kuti pali mawu pakhosi, kenako n'kutulutsa zina. Ulendo wina anafunsa chifukwa chomwe masipoko a tayala lakumbuyo amadukira msanga kuposa akutsogolo. Ulendo wina anafunsa ngati atsibweni anayamba asinthapo chomwe anena. Ndinati, "Atsibweni? Akanena anena." Anagwedeza mutu n'kutsanzika.

Sabata yomaliza ya Malichi anandipempha kuti ndiwapalase kupita ku Milepa, komwe kunali munthu wopita kutauni woti awatengere kalata. Anavala shati yoyera, m'thumba mwake mukuonekera envulopu ndi bolopeni. Njira yonse sanafunse funso olo limodzi, moti ndinawafunsa ngati akudwala m'mimba. Inali nthawi ya dowe, minda ili bii mbali zonse. Tili pakati pa mindayo anandigwira phewa.

"Alamu, taimani."

Ndinaima. Dzanja lawo linapita kuthumba la shati, linagwira bolopeni, n'kubwerera lopanda kanthu.

"Chimangachi mukuona ngati chiuma liti?"

"Inu mlimi mukufunsa wakabaza? Kumapeto kwa Epulo, mwina Meyi."

"Meyi," anatero. "Chabwino. Tiyeni tibwerere, ndaiwala kanthu."

Ndinawanyogodola njira yonse chifukwa chondipalasitsa pachabe.

Tinakolola bwino chaka chimenecho. Mu Juni mbumba inakhala pansi pa mtengo wa mango, thobwa lili m'ndowa. Zonse ndinaziyendetsa mwadongosolo: munda wa Esnat a Veronika aulime mobwereka, pamaso pa mboni, ndipo m'malire tidzale udzu wa vetiva kuti pasadzakhale kuiwala. Kenako ndinaimirira n'kulengeza kuti talola, alamu atenge mkazi wawo akatumikire Mulungu. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. A Davie anagwada, anawomba m'manja, anathokoza aliyense mmodzimmodzi. Esnat yekha sanaimbe nthungululu. Ankatolera makapu.

Anthu atabalalika, Esnat anabwera ndi envulopu ija, itada m'makona ndi thukuta, n'kuiika pamwendo panga.

"Werengani, achimwene."

Ndinawerenga. Ndinaona tsiku lomaliza, ndinaona za zaka, ndinaona kamzere kopanda kanthu pomwe panayenera kukhala dzina langa.

"Bwanji simunanene? Iwe Esnat, bwanji sunanene?"

"Ndinene kuti chiyani? Kuti anthu azidzati Esnat wafulumizitsa achimwene ake chifukwa akufuna kukadya mpunga kutauni? Ndinawauza bambo ake Hannah kuti nenani inu. Akuti mkamwini sathamangitsa eni mudzi. Inu munati tikolole, nde takolola."

"Mesa kunali kungosayina basi?"

"Eya, kungosayina basi," anatero. "Inu munafunsa kuti yankho likufunika liti?"

Sindinafunse. Sizinandibwerere n'komwe m'mutu. Kwathu kuno nkhani ya chitengwa ilibe tsiku lomaliza, imadikira mpaka eni ake atakonzeka, ndipo ndinkayesa kuti dziko lonse limadikira nafe. Chondichititsa manyazi kwambiri n'chakuti inenso ndine mkamwini. Kutsidya kuja alamu anga atati dikira, nanenso ndikanawomba m'manja n'kuthokoza.

Ndinathamangira kudimba nditakwiya, paja munthu ukalakwa kwambiri umasaka wina womukalipira. Ndinawapeza atavula jekete, akuthirira tomato ngati palibe chachitika.

"Inu a Mafunso! Mudzi wonse munautopetsa, nandolo, pampu, masipoko. Funso limodzi lokha lofunika, limenelo nde munalimeza?"

Anaika kheni pansi. "Ndinafunsa, alamu. Munayankha."

"Mukanati n'zachangu!"

"Nanga mukanasayina chifukwa chopanikizidwa, munda n'kupita, ine mwatsoka n'kukafera ku Nsanje, Esnat ndi ana akanabwerera pati? Ndinaganiza kuti mwina pali chomwe mukudziwa."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa onse. Munthuyu ankayesa kuti ndikudziwa chomwe ndikuchita, pomwe ine ndinkangotsanzira katsokomolidwe ka atsibweni.

Mawa lake ndinapalasa mpaka kwa abusa n'kukagwada pakhomo pawo, ine amene bondo langa ndi louma. Abusawo analemba kalata yodandaula ku sukulu ija. Yankho linabwera patatha mwezi: malo anapatsidwa kwa wina, ndipo lamulo la zaka ndi lamulo.

Ndinkayesa kuti a Davie awotcha timapepala tija. Ayi ndithu. Anachotsa mwala pa kena kaja, ka maphunziro a pakhomo, n'kukalembetsa. Mabuku ankabwera m'katoni. Ankawerenga masana dzuwa likakula, pansi pa nthochi za kudimba, bolopeni ili kukhutu, ndipo kamodzi pamwezi zolemba zawo zinkayenera kukafika kwa mphunzitsi kuboma. Ntchito imeneyo ndinailanda ine, palibe anandituma. Zaka zisanu, kaya dzuwa kaya mvula, ndinkakulunga envulopu m'jumbo n'kupalasa.

Apa ndiulule tchimo lina: ndinkatsegula. Ndinkaima pamthunzi n'kumawerenga, makamaka zaka zoyambirira pomwe ankalemba m'Chinyanja. Za Chizungu ndinkangotola potoleka. Ndipo matenda a mafunso ndi opatsirana. Ndinadziwa kuti amene analemba za moyo wa Ambuye anali anayi, ndipo pena amasiyana kafotokozedwe ngati mboni za pa mlandu wa mbuzi. Ndinadziwa kuti za kubatiza makanda akhristu anakangana zaka mazanamazana, ena mpaka lero sanagwirizane, nde funso la pachitunda lija silinali lopusa. Tsiku lina ndinapezeka ndikumufunsa Abdulkarim, mnzanga wapasiteji, kuti shehe amaphunzira zaka zingati, ndipo amamuyesa ndani. Anandiyang'ana n'kuti, "Timoti, wayamba kufanana ndi mlamu wako."

Cholemba chomwe sindidzachiiwala chinali cha akamwini a m'Malemba. Ine sindinkadziwa kuti alimo. Analemba za wina amene anagwirira ntchito apongozi ake zaka zambiri, potsiriza n'kuthawa ndi banja lake osatsanzika. Analembanso za wina amene ankaweta nkhosa za apongozi ake, ndipo Mulungu atamuitana anakapempha kuti apite, n'kuloledwa pomwepo. Pansi penipeni panali mawu awa: "Mkamwini wopempha n'kuuzidwa kuti adikire sindinamupeze. Mwina alimo, ndikadafufuzabe." Dzina langa munalibe. Ndinakhala pamthunzi paja mpaka makasitomala awiri anandipitirira. Chitabwerako cholembacho, mphunzitsi anali atalembapo ndi inki yofiira kuti nkhaniyo ndi yabwino, koma ilibe mathero.

Dipuloma anailandira chaka chatha. Ili m'felemu pabalaza, pamwamba pa matumba a nandolo. Kolala alibe, ndipo sadzakhala nayo. Esnat akulimabe munda wake, a Veronika sanaulawe, ndipo vetiva tinadzala uja anamera bwino lomwe, akulondera malire oti palibe anawasuntha. Ine masiku ano munthu akabwera kudzapempha kanthu ku mbumba, asanamalize n'komwe za mvula ndimamudula: "Yankholi likufunika liti?" Akuluakulu amati ndataya mwambo. Anene.

Mwezi watha kunali ubatizo. Hannah, mwana woyamba wa a Davie ndi Esnat, anabereka mwana wamkazi, mdzukulu wawo woyamba, ndipo ine monga mwini mbumba anandikhazika kutsogolo. Abusa athu ndi atsopano, a Chikhulupiriro Nakoma, mnyamata woti zaka makumi atatu sanafike. Ndinamva kuti analowa sukulu ija chaka chomwe chija. Kaya ndi amene anatenga malo aja, sindinafunse. Alipo mafunso omwe ndimawaopabe. Ndi munthu wabwino, sindingamunamizire. Mapemphero asanayambe ndinawaona awiriwo kuseri kwa chalichi, abusa atatsegula Baibulo akufunsa kanthu, a Davie akufotokoza ndi manja onse awiri, abusa akulemba m'kakope.

Itafika nthawi, amayi a makanda anandanda kutsogolo. Kwathu mulibe mwala wobatizira, timagwiritsa ntchito mbale yoyera yachitsulo, ndipo pamafunika mkulu woigwira. Anaitana a Davie. Anaima pambali pa abusa atavala jekete lawo la kumaliro lija, mbale ili m'manja. Hannah anapereka mwana. Abusa anafunsa dzina, anaviika zala m'madzi, n'kuyamba mawu a ubatizo.

Anthu onse ankayang'ana mwanayo. Ine ndinkayang'ana alamu anga. Milomo yawo inkayenda pamodzi ndi ya abusa, liwu ndi liwu, kuyambira poyamba mpaka pa ameni, koma mawu osatuluka. Amawadziwa onse, amadziwa komwe anachokera, ndi chifukwa chomwe amanenedwera choncho. Timadzi tina tinadontha kuchokera pamphumi pa mdzukulu wawo n'kugwera pa dzanja lawo, ndipo sanatipukute.

Ndinamva chisoni chomwe sindinamvepo pa maliro alionse omwe a Davie anaika. Mbale ija sinagwedezeke ngakhale pang'ono.